Chithunzi chotsegulira pulogalamu ya ngongole za usipa: mmene ntchito ikuyendera

Lolemba

Sabata ino ndili pa kachigawo kamene munthu amayamba kukaona akangodina chizindikiro cha pulogalamu pafoni, kamene olemba mapulogalamu timati splash screen. Ndi chithunzi chija chimabwera kanthawi, n'kuchoka chokha, pulogalamu n'kutseguka.

Pulogalamuyi ndikulembera azakhali anga amene amachita geni ya usipa ku Makawa. Amapikula usipa kwa asodzi m'mamawa, kuuyanika pathandala, n'kumagulitsa kwa amayi ochokera kuno ku Mangochi boma, ku Liwonde, ena mpaka ku Limbe. Ambiri mwa amayiwa amatenga katundu pangongole n'kudzabweza akagulitsa. Ngongole zonsezi azakhali amalemba m'kope la sukulu, ndipo kope lokhalira padoko silichedwa kunyowa. Chaka chatha masamba awiri anamatana, inki n'kufalikira, ndipo ndalama za anthu atatu zinathera m'mikangano. Ndi chimene chinandiyambitsa ntchitoyi. Mbali yolemba dzina, kuchuluka kwa zigoba ndi ndalama inatha kale. Ndinailemba m'chilankhulo cha Kotlin pa Android Studio, pulogalamu ya pakompyuta yolembera mapulogalamu a foni, ndipo zonse zimasungidwa m'foni momwemo kudzera mu Room, chida chosungira database, chifukwa kunyanja netiweki imabwera n'kumapita, komanso bandulo ndi ndalama.

Chithunzicho anandijambulira mnzanga amene amalemba zikwangwani za masitolo kuno kuboma: chambo choyera pamtundu wa buluu wodera, ngati mmene nyanja imaonekera kukamaomba mwera. Ndachikonda kwambiri ndipo ndikufuna anthu azichiona bwinobwino, ndiye ndaganiza zoti chizikhala masekondi atatu.

Njira imene ndatsata lero ndi yakale ija ambiri tinaphunzirira. Ndapanga Activity (tsamba limodzi la pulogalamu) yapadera, SplashActivity, yopanda china chilichonse koma chithunzicho pakati. Mu AndroidManifest.xml, fayilo imene imauza foni za masamba a pulogalamu, ndasamutsira intent-filter ya MAIN ndi LAUNCHER kwa iyoyo kuti izikhala yoyamba kutseguka. Mkati mwake ndaika Handler(Looper.getMainLooper()).postDelayed ndi nambala 3000, poti nthawiyi imawerengedwa m'mamilisekondi ndipo 1000 ndiye sekondi imodzi. Nthawi ikakwana imatsegula MainActivity, tsamba lenileni la ngongole, n'kudzitseka yokha ndi finish(), kuti munthu akadina batani lobwerera m'mbuyo asakumanenso ndi chambo. Handler yosatchula Looper anasiya kuilimbikitsa kuyambira pa Android 11, n'chifukwa chake ndamutchula.

Thread.sleep, lamulo loimitsa ntchito kwa kanthawi, sindinaiyerekeze n'komwe. Kujambula zonse za pasikirini ndi kulandira kudina kwa chala zimadutsa njira imodzi, main thread. Ukaigoneka njirayo foni imauma, chithunzi chimene ukufuna kuonetsacho mwina osajambulika n'komwe, ndipo munthu akadina n'kukhala osayankhidwa kwa masekondi 5, Android imatulutsa uthenga woti pulogalamu sikuyankha. Pomwe postDelayed sigoneka kanthu, imangosiya uthenga pamzere woti nthawi yakuti ikakwana pachitike chakuti.

Pa emulator, foni yoyerekezera ya pakompyuta, zayenda. Magetsi azima cha m'ma 4 koloko, ndalekera pomwepo.

Lachiwiri

Ndaika pafoni yeniyeni, yakale ija ya Android 8.1 Go edition yokhala ndi RAM ya 1 GB. Ndimayesera chilichonse pa imeneyi chifukwa ndi yofanana mphamvu ndi ya azakhali.

Ndikadina chizindikiro, kumayamba kubwera sikirini yoyera mbee, chambo n'kubwera pambuyo. Poyamba ndinadabwa, koma chifukwa chake n'chomveka. Pulogalamu ikamayambira pachiyambi penipeni, Android imayenera kuyambitsa process yake, kulowetsa khodi, kenako m'pamene Activity yanga ingathe kujambula kanthu. Nthawi yonseyo foni imaonetsa zenera lakelake potengera windowBackground, maziko amene ali mu theme (malamulo a maonekedwe a pulogalamu), ndipo yanga inali yoyera. Kutanthauza kuti chithunzi changa sichikuphimba kudikira kwenikweni ayi. Munthu akudikira kaye pasikirini yoyera, kenako n'kudikiranso masekondi atatu amene ndawonjezera ine. Zimenezi zandikhala pamtima tsiku lonse. Pakadali pano ndapanga layer-list, chithunzi chosanjikiza, yokhala ndi buluu uja ndi chambo pakati, n'kuiika ngati windowBackground ya theme ya SplashActivity. Tsopano chambo chikuoneka chala chikangodina.

Vuto lina: chambo chili pasikirini, ndikadina batani lotuluka, foni imabwerera kunja bwinobwino, koma pakatha masekondi aja pulogalamu imatseguka yokha ngati mlendo wolowa popanda odi. Uthenga uja ndinausiya pamzere sukudziwa kuti munthu wachoka. Ndikatembenuza foni chopingasa nthawi ya chambo, zimaipiratu. Android imaphwanya Activity n'kupanga yatsopano, yatsopanoyo n'kuikanso uthenga wake, wakale uli pomwepo, ndiye MainActivity imatseguka kawiri, ina pamwamba pa inzake. Ndasunga uthenga uja, umene m'khodi ndi Runnable, m'dzina lake, kuuika mu onStart tsamba likamaonekera ndi kuuchotsa ndi removeCallbacks mu onStop likamabisika. Zonse ziwiri zatha.

Lachinayi

Dzulo sindinagwire, ndinali kumaliro ku Mpondasi.

Lero alamu anga andibwereka foni yawo ya Android 13 kwa ola limodzi, ndipo zimene ndaona zasintha mapulani onse. Pakubwera zithunzi ziwiri. Choyamba ndi chizindikiro cha pulogalamu chili m'kabwalo kozungulira, chimene sindinachiike ine, kenako chambo changa ndi masekondi ake atatu. Ndawerenga malangizo a Android, ndipo nkhani ndi yakuti kuyambira pa Android 12, imene inatuluka mu 2021 ndipo pa manambala a olemba mapulogalamu ndi API 31, foni imadzionetsera yokha splash screen pa pulogalamu iliyonse, kaya mwiniwake wafuna kaya sanafune. Wosunga SplashActivity yakeyake ndiye akudikiritsa anthu kawiri.

Ndafufuta SplashActivity yonse pamodzi ndi zimene ndinakonza Lachiwiri. Zandiwawa pang'ono, koma kulimbana ndi foni n'kosathandiza. M'malo mwake ndatenga laibulale ya androidx.core:core-splashscreen, 1.0.1, imene imabweretsa njira yatsopanoyi ngakhale pa mafoni akale. Ndapanga theme yochokera ku Theme.SplashScreen, momwe windowSplashScreenBackground ndi buluu uja, windowSplashScreenAnimatedIcon ndi chambo, ndipo postSplashScreenTheme ndi theme yeniyeni ya pulogalamu. Theme imeneyi ndaipereka kwa MainActivity mu manifest, LAUNCHER n'kubwereranso komweko.

Ulendo woyamba pulogalamu inagwa isanatseguke, Logcat, zenera loonetsa mauthenga a zolakwika, n'kumadandaula kuti pakufunika Theme.AppCompat. Ndinali nditaika installSplashScreen() m'munsi, pambuyo pa setContentView. Mzere umenewu ndi umene umasintha theme kuchoka pa yotsegulira kupita pa yeniyeni, ndiye uyenera kukhala pamwamba penipeni, super.onCreate isanaitanidwe. Nditausuntha, zonse zinayera.

Chatsala ndi mchira wa chambo. Njira yatsopanoyi imadula chithunzi mozungulira. Chikakhala chopanda maziko akeake, chimayenera kukhala 288 dp (muyeso wa kukula kwa zinthu pasikirini) mbali zonse, koma chooneka ndi chokhacho chili mkati mwa bwalo la 192 dp. Chikakhala ndi maziko, ndi 240 dp ndi bwalo la 160 dp. Chambo cha mnzanga chinadzaza pepala lonse, ndiye mchira ndi kamwa zadulidwa. Ndachichepetsa n'kuchisandutsa vector drawable, chithunzi chopangidwa ndi mizere osati timadontho, kuti chisaoneke chosweka pa masikirini osiyanasiyana. Masekondi atatu ndawasunga pogwiritsa ntchito setKeepOnScreenCondition, imene imagwira chithunzi pasikirini mpaka ndinene kuti chichoke.

Loweruka

Ndinagona ku Makawa kuti ndiyesere padoko penipeni. Ndikulemba ndili m'minibasi yobwerera kuboma, zisanandichoke m'mutu.

Tinadzuka kusanache. Usipa amaupha usiku ndi nyali, ndiye maboti a chilimira amayamba kufika kum'mawa kukungofiira. Pamenepo padoko sipakhala kuyenda pang'onopang'ono. Boti likangogunda mchenga anthu alizungulira kale, mtengo ukukambidwa mofuula, mabeseni akudutsana pamitu. Azakhali anapikula, anyamata n'kunyamulira kuthandala, ndipo dzuwa lisanakwere kwenikweni anafika mayi wina kudzatenga usipa wouma wa dzana pangongole, minibasi yake ikuimba belu kumsewu.

Ndinawapatsa azakhali foni. Anapukuta dzanja pachitenje, n'kudina. Chambo chinabwera. Iwo n'kudinanso pachambopo, kawiri, katatu.

"Mwanangu, kansombaka kakudikira ndani?"

"Ikutseguka, azakhali. Masekondi atatu okha."

"Kope langa silidikiritsa munthu. Ndikatsegula latseguka."

Analemba ngongoleyo bwinobwino, mayi uja n'kuthamangira minibasi. Koma ine ndinaimirira pambali n'kumaonerera mpaka cha m'ma 10 koloko, ndipo ndinaona chinthu chimene sindikanachiona ndili patebulo langa. Ndimaganiza kuti chambo azichiona kamodzi kapena kawiri patsiku, chifukwa splash screen imabwera pulogalamu ikamayambira pachiyambi, kapena Activity yake itaphwanyidwa. Ikakhala kuti ili moyo kumbuyo ndipo munthu wangobwererako, chithunzi sichibwera. Pafoni yanga ya tsiku ndi tsiku ndi mmene zimakhalira. Koma foni ya 1 GB ilibe malo osungira zinthu zambiri nthawi imodzi. Azakhali amatuluka m'pulogalamu kukaona uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba ngati ndalama yalowa, kujambula usipa uli pathandala, kutumiza chithunzicho pa WhatsApp kwa kasitomala wa ku Limbe. Akamachita zimenezi Android imapha pulogalamu yanga kumbuyo kuti ipeze malo, ndipo n'zoyenera kutero. Pobwerera, chambo chija ndi masekondi ake atatu. Pafupifupi ulendo uliwonse.

Munthu atati awerengetsere, masekondi atatu maulendo 40 ndi mphindi ziwiri zokha, ndipo wina anganene kuti palibe nkhani. Koma masekondiwo sagwa nthawi yopuma. Amagwa pamene kasitomala waima ndi katundu pamutu, pamene boti lina likukocheza ndipo anzawo akuthamangirako, pamene nambala ili m'mutu ndipo wina akukuyankhulitsa. Kawiri konse ndinawaona azakhali akuyang'ana thumba limene muli kope. Akabwerera kukope ntchito yonseyi yapita m'madzi, ndipo adzakhala atachita bwino, chifukwa kope lidzakhala likuwathandiza kuposa foni. Masekondi atatu aja ndinaika chifukwa chokonda chithunzi. Palibe chimene pulogalamu imachita nthawi imeneyo chimene iwo akuchifuna.

Tikumwa tiyi anawonjezera china. "Komanso iwe, chambo ndinachigulitsa liti ine? Geni yanga ndi usipa." Amayi awiri amene anali pamenepo anavomereza. Chambo chinachepa kalekale ku Malombe ndi mbali ino ya nyanja, ndipo amayi ambiri a padoko amadyera usipa, utaka ndi kambuzi. Ine ndinasankha chambo chifukwa ndi chimene anthu akutali amaidziwira Mangochi.

Lolemba

Tsiku lonse lapita pa nthawi. Lamulo latsopano ndi lakuti chithunzi chizichoka pulogalamu ikangokonzeka, ndipo koloko izingoyang'anira malire awiri, apansi ndi apamwamba.

Kukonzeka ndikutanthauza kuti Room yatseguka ndipo mndandanda wa angongole wafika. Ndaika chizindikiro cha inde kapena ayi mu ViewModel (malo osungira zimene tsamba likuonetsa), chimene chimasintha mndandanda ukangofika, ndipo setKeepOnScreenCondition imangoyang'ana chimenecho. Apa m'pofunika kusamala, chifukwa funsoli limafunsidwa mobwerezabwereza, nthawi iliyonse foni ikafuna kujambula sikirini. Mkati mwake simuyenera kukhala ntchito yolemera, kungowerenga chizindikiro ndi kuyerekeza nambala ziwiri basi. Ubwino wina wa ViewModel ndi woti imapulumuka foni ikatembenuzidwa, ndiye vuto la Lachiwiri lija silingabwerenso.

Malire apamwamba ndaika masekondi awiri. Akakwana mndandanda usanafike, chithunzi chichoke basi, patuluke tsamba lenileni lokhala ndi mawu oti "Dikirani pang'ono" pamalo pa mndandanda, batani lolembera ngongole yatsopano lili kale poyera. Munthu angayambe kulemba dzina zinazo zikubwera. Chimene sindikufuna n'choti tsiku lina china chake chikadzasokonekera mu database, azakhali adzakhale akuyang'ana nsomba yosachoka, osadziwa choti achite.

Malire apansi ndinalimbana nawo kwambiri, ndipo ndinatsala pang'ono kuwasiya. Pafoni yothamanga ngati ya alamu, chithunzi chimatha kungothwanima n'kuzimirira, ndipo diso limaona ngati sikirini yaphethira molakwika. Ndaika theka la sekondi, mamilisekondi 500. Koma chachikulu ndi poyambira kuwerenga. Ndikayambira mu onCreate, foni yochedwa, imene yadikiritsa kale munthu isanafike pamenepo, ndiye kuti ndaiwonjezera theka lina. Choncho ndikuwerenga kuyambira pamene process inabadwa, potenga Process.getStartUptimeMillis(), imene ilipo kuyambira API 24, ndipo pulogalamu yanga imayambira pa 24 pomwepo. Nambala imeneyo ndikuichotsa ku SystemClock.uptimeMillis(). Pafoni ya azakhali theka la sekondi limakhala litadutsa kale pofika pamenepo, ndiye sindikuwonjezera kanthu. Amene angadikire pang'ono ndi a foni yothamanga okha. System.currentTimeMillis() ndaipewa dala. Imeneyo ndi wotchi ya tsiku ndi ola, ndipo imatha kudumpha munthu akasintha nthawi kapena foni ikaikonza kuchokera ku netiweki, zimene zimachitikachitika pa mafoni amene amachotsedwa batire.

Kenako ndinayeza m'malo moganizira. Foni ili pachingwe, ndikuilamula kuchokera pakompyuta: adb shell am force-stop kupha pulogalamu, adb shell am start -W kuitsegula, n'kuwerenga TotalTime, nthawi imene yatenga kutseguka. Ndabwereza maulendo khumi, ndipo ndayeza release, yopita kwa anthu, osati debug, yoyesera, chifukwa debug imachedwa mwachibadwa. Ngakhale nditachotsa masekondi atatu aja, foni yakale imatengabe kupitirira masekondi awiri. Ndinatsata, ndipo wolakwa ndinali ine ndemwe mwezi watha: poyamba penipeni pulogalamu imawonkhetsa ngongole zonse za munthu aliyense kuyambira tsiku loyamba, mndandanda usanaoneke. Ntchito imeneyo ndaisiyira SQL kudzera mu SUM, ndipo ndaichotsa pa zinthu zimene chithunzi chimadikira. Mayina azibwera kaye, chiwonkhetso cha pamwamba chizitsatira. Tsopano TotalTime ikusewera pansi pa sekondi imodzi ndi theka. Android vitals, miyeso ya Google ya mmene mapulogalamu akuyendera, imati pulogalamu yachedwa mopitirira ikatenga masekondi 5 kapena kuposa poyambira pachiyambi, koma muyeso umenewo sanaupangire padoko la Makawa. Wanga ndi nthawi imene munthu amatenga kutulutsa kope m'thumba n'kupeza tsamba.

Lachitatu

Ndinapita kwa mnzanga wojambula uja, pafupi ndi nsanja ya wotchi, kumene amagwirira ntchito. Ndinamufotokozera zonse ziwiri, za usipa ndi za nthawi. Za usipa anaseka n'kuvomera msanga. Za nthawi sizinamusangalatse.

"Achimwene, ndiye kuti ndijambule chinthu choti anthu azichiona theka la sekondi?"

Funso lake ndi loona ndipo sindinalipeputse, chifukwa munthuyu anataya madzulo awiri pa chambo chija osandilipiritsa. Ndinamuuza kuti chithunzi chomwecho chikhalanso chizindikiro cha pulogalamu, chimene azakhali azichiona nthawi iliyonse akayatsa foni, komanso ndichiika chachikulu patsamba lofotokoza za pulogalamuyi pamodzi ndi mawu othokoza amene anajambula. Tinagwirizana.

Usipa ndi wautali ndi woonda, ndipo umodzi wokha m'bwalo la 192 dp umaoneka ngati kamzere. Iye ndi amene anapeza nzeru: atatu, opindika, akutsatana mozungulira ngati mmene amazungulirira kuwala kwa nyali usiku. Anajambula ndili pomwepo, pakatoni ka sopo. Akukwana m'bwalomo ngati anabadwiramo. Anafunsa ngati angamazungulire. Kuyambira pa Android 12 n'zotheka ndi animated vector drawable, ndipo malangizo amati kuyendako kusapitirire mamilisekondi 1000. Koma pafoni ya azakhali chithunzi chingangoima chilili, ndipo kuti kuzungulirako kuoneke ndiyenera kugwiranso chithunzi nthawi yaitali. Ndakana.

Madzulo ndakonza zing'onozing'ono ziwiri. Chithunzi chimachoka mwadzidzidzi, ndiye ndaika setOnExitAnimationListener kuti chizizimirira m'mamilisekondi 200. Ukatenga udindo umenewu uyenera kuitana remove() pamapeto wekha, kupanda kutero chithunzi chimakhala pamwamba pa pulogalamu mpaka kalekale. Ndaikanso mtundu wa buluu woderapo mu values-night, wa mafoni amene ali ndi dark mode, poti ntchito ya padoko imayamba kuli mdima ndipo kuwala kwambiri kumathobwa m'maso.

Lachisanu

APK yatsopano, fayilo yoikira pulogalamu pafoni, ndinatumiza dzulo pa WhatsApp kwa msuweni wanga, mwana wa azakhali, ndipo anawaikira usiku. Ndinamuchenjeza kuti asachotse yakale, angoika pamwamba, kuti ngongole za sabata ino zisafufutike. Zonse zilipo.

Azakhali aimba masana ano. Sanatchule za nthawi n'komwe mpaka ndinachita kufunsa.

"Nanga kutseguka kuja, azakhali?"

"Kutseguka kwake kuti? Ikungotseguka. Koma tiusipa tako ndationa, n'tokongola."

Kenako anapita pa zimene anaimbira. Manambala a ndalama ndi aang'ono, padzuwa sakuoneka bwino. Chachiwiri, foniyo madzulo amaseweretsa adzukulu, ndipo akuopa kuti wina adzafufuta dzina la munthu wangongole, ndiye akufuna nambala yachinsinsi polowa.

Manambala ndikulitsa usiku uno. Za nambala yachinsinsi ndiyamba Lolemba, ndipo sindipanganso Activity ina kutsogolo. MainActivity yomweyo izisankha tsamba loyamba chithunzi chisanachoke, ndiye kuwerenga ngati nambalayo inaikidwa kulowa pa zinthu zimene setKeepOnScreenCondition imadikira, ndipo ndidzayezanso TotalTime ndikatero. Ndiyeneranso kuganiza kuti izifunsidwa liti, chifukwa ikamafunsidwa ulendo uliwonse Android ikapha pulogalamu kumbuyo, azakhali azidina manambala anayi ndi manja onyowa kambirimbiri m'mawa umodzi. Maganizo amene ndili nawo ndi oti izifunsa pokhapokha patadutsa mphindi 30 pulogalamu isanagwiritsidwe ntchito, komanso pofufuta dzina. Loweruka likubwerali ndikagonanso ku Makawa kuti ndikaone ngati mphindi 30 zikukwanira.